Mizere Inayi Pakhosi pa Bambo

Mafunso atafika kwawo Loweruka masana anapeza chisakasa cha bambo ake chotseka ndi loko. Limu yakale imene inkapachikidwa pamsomali kuti odutsa adziwe kuti pano amakonza njinga inali pomwepo, koma benchi ndi beseni loyesera machubu zinali zitalowetsedwa. Chibadwire sanaonepo chisakasacho chotseka Loweruka.

Mkulu wake anamuchingamira pakhonde, manja ali mafuta okhaokha. Anamuuza motsitsa mawu kuti bambo atha masiku anayi osatuluka m'chipinda, kuti kumbuyo kwa khosi kwatuluka matuza, ndiponso kuti za kuchipatala asayerekeze n'komwe kuzitchula, chifukwa dzana atazitchula iye anaponyeredwa kapu.

Bambo awo anali munthu wachialubino wazaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, ndipo zakazo anazipeza posamala, osati mwamwayi. Dzuwa ankakhala nalo ngati mmene munthu amakhalira ndi galu woluma wa nyumba yoyandikana: osalida, koma osalipatsa msana. Ankavala chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, ndi kansalu koyera kotsendera m'chipewamo kuti kazigwera pakhosi akawerama kumanga masipoko. Mng'ono wawo, wa khungu ngati lawo, ankakaseka kansaluko. Anamwalira ndi khansa ya pakhungu zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo inayambira pakhosi.

Mafunso anawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, makatani ali otseka, malaya atakolekedwa paphewa limodzi. Dzina lakelo anamupatsa ndi iwowo ali wamng'ono, chifukwa ankaima pafupi ndi beseni lija n'kumafunsa chifukwa chake mpweya umakwera m'mwamba osatsika pansi, mpaka makasitomala kuyamba kumuyankha okha kuti ntchito iyende.

"Akutuma kuti udzandinyengerere?" anafunsa bambowo osatembenuka.

"Ndabwera kudzakuonani, bambo."

"Ona. Koma za mpeni ndakana. Anandidula khutu kamodzi, ndinalola. Chubu chikachuluka zigamba, wokonza woona mtima amamuuza mwini wake. Ndauza anthu ambiri zimenezo. Lero ndikudziuza ndekha."

Anawonjeza kuti anaona ndi maso awo mng'ono wawo akudulidwa katatu konse n'kumwalirabe, ndipo iwo akufuna kupita athunthu. Analankhula mwachifatse ngati akufotokozera munthu kuti tcheni chake chatha.

Mafunso anapempha kutsegula katani pang'ono. Ankayembekezera kuona chilonda chimodzi chokwiya, chotukuka m'mbali, ngati cha bambo ake aang'ono aja. Chimene anaona chinali mizere inayi yofiira, yopendekeka, yoyambira pansi pa khutu lamanzere n'kutsikira kumanja, matuza atandanda pamzere uliwonse ngati mikanda. Pakati pa mzere ndi mzere khungu linali longofiira pang'ono. Pamene kolala ya malaya inkafika, zonse zinathera pomwepo ngati wina wadula ndi rula.

Chochititsa manyazi n'chakuti mantha asanamugwire, m'mutu mwake munayamba kukoma. Anali munthu wotero. Kuyunivesite ankasiya chakudya kuzizira chifukwa cha funso la masamu limene silinali m'mayeso n'komwe. Tsono apa panali funso, ndipo linali pakhosi pa bambo ake. Khansa siilemba mizere. Siiopanso kolala.

Anakapeza mkulu wake m'kachipinda kakuseri, kamene kale kanali kosungiramo makala. Mmenemo ndi mmene ankapangiramo sopo ndi mafuta odzola ogulitsa m'masaluni. Pambaula panali poto wamkulu womata chivundikiro, paipi yamkuwa ikuchokera pamwamba pake n'kudutsa m'ndowa ya madzi ozizira. Umu ndi mmene ankatchezera mafuta onunkhira a masamba a bulugamu ndi a makoko a mandimu: nthunzi inkanyamula mafutawo n'kukawadontheza kumapeto kwa paipi. Tsikulo potoyo anali wozizira. Patebulo panali mulu wa mandimu ang'onoang'ono obiriwira, chopalira, ndi nsalu yofinyira yothimbirira chikasu.

Anafunsa kuti bambo amawadzoza ndani. Mkulu wakeyo anati ndi iye, m'mawa uliwonse asanapite kuchisakasa, popeza chivulalire phewa sadzifikira bwino kumbuyo kwa khosi. Anasonyeza mmene amachitira: kutapa ndi zala m'botolo n'kukoka kamodzi kuchokera kukhutu, chifukwa bambo salola kusisitidwa ngati khanda. Mafunso anayang'ana dzanjalo lili m'malere, zala zinayi zitatambasuka, n'kuyang'ana kumbali.

"Nanga kansalu kaja?"

"Anakasiya. Akuti kamatenthetsa, ndipo makina a mwana wawo anena kale kuti mafutawa ndi amphamvu. Bwanji, adokotala?"

Makinawo anali a kulabotale kumene Mafunso ankagwira ntchito yoyeza zakudya ndi zodzoladzola. Miyezi itatu m'mbuyomo, mafuta oteteza kudzuwa amene bambo ankalandira kuchipatala anasiya kubwera, ndipo ankangouzidwa kuti mwezi wamawa. Mkulu wake sanali munthu wodikira mwezi wamawa. Anasungunula phula la njuchi, kusakaniza ndi mafuta a mpendadzuwa, n'kumupatsa Mafunso timabotolo titatu kuti akaone mafuta onunkhira oyenera kudonthezamo: a bulugamu, a makoko a mandimu otcheza, ndi a makoko omwewo ongofinya ndi nsalu.

Mafunso anawayeza anzake atapita kukadya nkhomaliro. Kuyeza koyamba anamufotokozera mkulu wake mosavuta, popeza onse anakulira pakati pa dzimbiri. Mpweya ndi dzuwa zimadya khungu pang'onopang'ono monga dzimbiri limadyera limu, ndipo pali mafuta ena amene amachedwetsa kudyako. Mafuta otere ukawadontheza m'madzi ena apepo a m'labotale, madziwo amasuluka n'kusanduka achikasu. Onse atatu anasulutsa, ena msanga, ena mochedwa. Kuyeza kwachiwiri kunali kwa kuwala. Umasungunula dontho m'sipiriti, kuthira m'kagalasi kochepa ngati chala, n'kuwombamo kuwala kwa mtundu umene umawotcha khungu. Makina amawerenga kuchuluka kwa kuwala kumene kwalephera kutulukira mbali inayo. A bulugamu ndi otcheza aja anapereka nambala zomvetsa chisoni. Ofinya anapereka nambala yoposa anzawowo kasanu.

Anadabwa, n'kubwereza katatu, nambala osasintha. Makoko amodzimodzi, a mumtengo umodzi, kusiyana n'kutcheza ndi kufinya basi. Anaganiza kuti funso lokoma chonchi alisungire tsiku lina lopanda ntchito, adzalikhalire pansi bwinobwino. Mkulu wake atamuimbira kachitatu, Mafunso anamulembera uthenga pafoni ali m'basi: ofinya apambana, enawo akalowe m'sopo. Anaikaponso kankhope koseka. Anafuna kuwonjeza kuti nambala ya m'kagalasi si nambala ya pakhungu, ndiponso kuti mwa mafuta atatuwo palibe angalowe m'malo mwa a kuchipatala, koma basi inafika pasiteji yake.

Mkulu wake, amene sankataya kanthu, anamaliza kaye otcheza amene anali atasakaniza kale. Masabata awiri apitawo ndi pamene anapanga atsopano ndi ofinya aja, ndipo popeza anali a bambo, anadontheza kuwirikiza kawiri kuposa mmene akanachitira kwa kasitomala.

Ataima m'kachipindamo, fungo la mandimu likumulasa m'mphuno, Mafunso anakumbukira tsamba limodzi la m'buku la chaka chachitatu, limene analiwerenga mayeso ali mawa n'kuliiwala mayeso atatha. M'khoko la ndimu muli tinthu tolemera timene nthunzi singathe kunyamula. Ukatcheza timatsalira mupoto, ukafinya timabwera nawo. Tinthuto timameza kuwala kwa dzuwa, n'chifukwa chake makina anatiyamikira. Koma makina amangowerenga zimene zamezedwa, safunsa kuti motowo ukupita kuti. M'kagalasi ulibe kopita. Pakhungu umalowa m'mnofu.

Akanatha kunena pomwepo. Pakamwa panali patatseguka kale. Koma anadziuza kuti bambo sangakhulupirire mawu chabe, adzati ana apangana zowatonthoza. Anadziuzanso kuti munthu wa sayansi sanena chinthu asanachiyese. Zifukwa ziwirizo zinali zoona, ndipo zinabisa bwino chachitatu, chakuti uthenga uja unali udakali m'foni ya mkulu wake, kankhope koseka kali pomwepo. Anangonena kuti pachilondapo asadzozepo kanthu, azingotsuka ndi madzi owiritsa ozizira, n'kupempha botolo limodzi kuti akalionenso.

Lamlungu masana, kunyumba yake ya lendi, anajambula timabokosi tiwiri ndi cholembera mkati mwa mkono wamanzere, mmene khungu ndi lofewa. Anadzoza monse muwiri mofanana. Kamodzi anakaphimba ndi nsalu yakuda n'kumata pulasitala, kena anakasiya poyera. Anatulutsa mpando n'kukhala pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, mkono uli pabondo, ola lathunthu. Mayi woyandikana naye nyumba anadutsa kawiri ndi ndowa, kachitatu n'kufunsa ngati kumeneko n'kupemphera kwa masiku ano.

Lolemba panalibe kanthu kupatula kuyabwa. Anagwira ntchito tsiku lonse osadziwa choti apemphe. Mkono ukapsa, ndiye kuti bambo apsa ndi nambala yake. Ukapanda kupsa, ndiye kuti mwina bambo akunena zoona za chubu chija. Lachiwiri m'mawa anadzuka mkono ukutentha ngati wakhudza simbi. M'kabokosi kapoyera munali thuza limodzi lalikulu ndi ang'onoang'ono atatu, kufiira kwake kutatsata ngodya monga anazijambulira. Atamatula pulasitala, khungu la pansi pake linali losalala ngati silinakhudzidwe.

Anapempha kuweruka msanga. Atafika, mkulu wake anamuuza kuti bambo chiyambire Lamlungu akungolawa chakudya, kuti amusonyeza pamene pali makalata a nyumba, ndipo dzulo amutchulira nyimbo zitatu zodzaimba pamaliro, n'kumuchenjeza kuti yachinayi ija imene azimayi amaikonda ndi yaitali kwambiri, anthu adzapsa ndi dzuwa kumanda.

Mafunso anamupempha kuti alowe onse. Anatsegula katani, kupinda dzanja la bulauzi, n'kuwapatsa bambo mkonowo. Maso awo sankaona patali, choncho anaukokera pafupi ndi nkhope ngati chubu chimene akufufuza pobowoka, chala chachikulu chikuyenda mozungulira matuzawo osawakhudza. Iye anafotokoza zonse mwadongosolo: timabokosi tiwiri, mafuta amodzi, kusiyana n'dzuwa lokha. Anafotokoza za kutcheza ndi kufinya, za kolala, za makina osafunsa, mpaka za uthenga wa m'basi. Mawu ake ankamveka ngati a munthu wopereka lipoti kuntchito, ndipo anadzida nawo, koma analibe ena.

Mkulu wake anali atatsamira chitseko. Anayang'ana dzanja lake lamanja kwa kanthawi.

"Ndiye ukuti mizereyi ndi zala zanga."

"Zala ndi zanu, achemwali. Nambala ndi yanga."

"Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa. Ndinakuimbira katatu."

"Munafunsa."

"Unadziwa liti?"

Mafunso anaona kuti akhoza kunena kuti lero m'mawa, ndipo sakhala atanama kwenikweni.

"Loweruka," anatero.

"Loweruka. Bambo akhala akusankha nyimbo za pamaliro awo masiku atatu, iwe uli kwako kujambula timabokosi."

Mayankho Mafunso anali nawo, atatu, ondandalikidwa bwino, ndipo panalibe limodzi loti n'kutuluka nalo pakamwa m'chipinda chimenecho. Mkulu wake anatuluka osamenyetsa chitseko. Patapita kanthawi kuseri kunamveka mabotolo akugwera m'ndowa, limodzi limodzi.

Bambowo anali asanausiyebe mkonowo. Anafunsa ngati ukupweteka, iye nati pang'ono. Anamuuza kuti ndi wabodza, popeza ululu umenewo akuudziwa. Anaugwirabe choncho mpaka mzere wa dzuwa umene unalowa pakatani unachoka pabedi n'kukwera khoma.

"Ndiye si ija ya mng'ono wanga?"

"Mizereyi si imeneyo, bambo. Ipola. Koma khungu lanu lapsa kwambiri, ndipo lakhala poyera masabata angapo. Zimene zili pansi pake ine sindingazione, makina anganso sangazione. Ndikakuuzani kuti zonse zili bwino, ndikhala ndalembanso uthenga wa m'basi."

Bambowo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati kansalu kaja anakachotsa okha, palibe anawatuma. Zaka makumi anayi akhala akukavala, anyamata a njinga akuwatcha asisitere, iwo osalabadira. Koma tsiku limene anamva kuti makina avomereza, anafuna kuti munthu wina awafunse chifukwa chake akuyenda khosi lili pamtunda, kuti ayankhe kuti ali ndi ana awiri, wina wopanga, wina woyeza. Anthu atatu anafunsadi, ndipo onse anayankhidwa.

"Mawa mundiperekeze," anatero pomaliza. "Koma akatulutsa mpeni, mundilole ndiganize kaye."

Lachitatu ananyamuka dzuwa lisanakwere, akuyenda mbali ya msewu imene inali ndi mthunzi wa nyumba. Mkulu wake anamangira bambo nsalu yofewa pakhosi, koma sanalankhule ndi Mafunso njira yonse. M'basi anakhala mbali ina ya bambo, chikwama chili pamiyendo. Kuchipatala anadikira maola awiri pabenchi yaitali, pansi pa chithunzi chosuluka cha munthu akusamba m'manja.

Dokotala wa khungu anali mayi wachikulire wamagalasi opachika ndi chingwe. Anamasula nsalu ija, kuyatsa nyali, n'kuyang'ana mizereyo nthawi yochepa kuposa mmene Mafunso anayembekezera. Anafunsa chimene anadzola. Mkulu wake anatulutsa botolo limodzi limene sanalitaye, kuliika patebulo, n'kunena kuti anapanga ndi iyeyo. Dokotalayo analinunkhiza, n'kufunsa osakweza mawu kuti anawauza ndani kuti mandimu amateteza kudzuwa. Mkulu wake anangoyang'ana botololo.

"Ndine," anatero Mafunso. Anatchula ntchito yake ndi digiri yake, chifukwa anaona kuti kuzibisa kukhala kuchepetsa mlandu.

Dokotalayo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuona mkonowo, n'kunena kuti nayenso alandira mankhwala omwewo. Za mizere anati ipola, ngakhale zipsera zichedwa kuchoka. Anati awalembera kalata yokatengera mafuta enieni kuchipatala china kumene adakalipo, ndipo kansalu kabwerere m'malo mwake lero lomwe. Akulankhula choncho, zala zake zinkayenda m'mphepete mwa tsitsi, mpaka zinaima pamalo ena pamwamba pa mzere woyamba. Anasendeza nyali. Anati pali kachigamba kokhakhala, kochepa ngati njere ya mpunga, kosachokera ku mafuta. Kakhalapo miyezi ingapo, ndipo pamalo pamenepo bambowo sakanakaona. Kakadali pamwamba. Akhoza kukachotsa lero m'chipinda chomwecho n'kukatumiza kokayeza, kapena akhoza kudikira chaka n'kudzakambirana za mpeni waukulu.

Ana onse awiri anayang'ana bambo awo. Palibe anawanyengerera. Bambowo anapempha kuti awagwiritse malowo, ndipo dokotala anawatengera chala n'kuchiika pomwepo. Anapapasa kwa nthawi, maso atatsinzina. Anafunsa ngati bala la mng'ono wawo likanachotsedwa lili chonchi akanakhala moyo. Dokotalayo anati sangalumbire za munthu amene sanamuone, koma ambiri amene amabwera kakadali kotere amabwerera kuntchito zawo.

"Zitenga nthawi yotani?"

"Mphindi makumi awiri."

"Sipoko imodzi imanditengera zochepera pamenepo, koma chabwino. Inu awiri, kadikireni panja. Sindikufuna mboni."

Anakakhala pabenchi ija, pakati pawo pali malo a munthu mmodzi. Pakhonde pankadutsa anthu okankha machira, mawilo ake akulira posowa mafuta. Mkono wa Mafunso unkagunda ngati uli ndi mtima wakewake. Anafuna kunena kuti pakanapanda matuza aja kachigambako sikakanaoneka, koma anazindikira msanga kuti kumeneko n'kufuna kudzigulira chikhululuko ndi mwayi, ndipo anatseka pakamwa.

Mkulu wake ndiye analankhula, maso ali kuchitseko.

"Tsiku lina ndikadzakufunsa chinthu, ngati sukudziwa, udzanene kuti sukudziwa. Ine sindinapite kuyunivesite, koma mawu amenewo ndimawamva."

"Ndidzanena, achemwali."

Anakhala choncho awiriwo, akumvetsera mawu a bambo awo mkatimo akumufotokozera dokotala kuti mpando wakewo ukulira chifukwa nati imodzi yamasuka.